Zithunzi za Kabwe zizioneka ku Kabwe

Mu 1921 ogwira nchito mumgodi wa Broken Hill anafukula cibade ca munthu wamakedzana. Lero cili ku Natural History Museum ku London, ife eni ake timangocionera m'mabuku. Zithunzi zathu nazo zatsata njira yomweyo. Alendo amabwera ndi makamera, kujambula ana akusewera m'fumbi la mtovu ku Kasanda ndi ku Makululu, basi n'kupita. Zithunzizo zimakaonedwa kunja, mai wa mwanayo osaziona.

Manje woumba wa kuno, kapena mnyamata wojambula maukwati ku Bwacha, akafuna kuonetsa nchito yake apite kuti? Ku Henry Tayali ku Showgrounds kapena ku Lechwe Trust. Konseko ndi ku Lusaka, pafupifupi makilomita 140. Yesani kukweza coumba ca dongo m'basi, pakati pa matumba a makala, muone ngati cifika ndi mutu.

Sindikupempha cinyumba ca magalasi, iai. Kacipinda cabe ka magetsi ndi loko, pafupi ndi mkuyu wa Big Tree pomwe aliyense amadutsa. A khonsolo, a Zambia Railways, kacipinda kamodzi kangakusoweni?

Ena ati anthu afuna nsima, osati zoumba. Zoona, koma woumbayo nsima yake icokera m'dongo lomwelo. Mgodi unatsekedwa mu 1994, mtovu ukali m'dothi, ndipo amene akhala nawo tsiku ndi tsiku ndiwo ayenera kuujambula. Apatseni khoma lopacikapo, ana a sukulu azilowa mahala.