Mvula Musainamizire

Akonzi,

Bambo amene analemba kuti misewu yathu ikukumbika chifukwa cha mvula, ndikuwapempha atsike m'galimoto, akaime m'mbali mwa M1 mwezi wa Okutobala, kusanagwe ndi dontho lomwe. Ayang'ane mmene mumaponda matayala a mathiraki. Aona phula litachita timing'alu tolukanalukana ngati khungu la ng'ona. Nanga mvulayo ili kuti?

Phula limatopa, bambo. Thiraki ikadutsa limapindika pang'ono n'kubwerera, ngati waya amene mwana akumupindapinda mpaka kuduka. Mng'alu umayambira pansi, n'kumakwera. Akatswiri a misewu amati katundu wa pa ekiselo imodzi akawirikiza kawiri, kuwonongeka kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye thiraki imodzi yozemba sikelo usiku imadya msewu kuposa maminibasi miyandamiyanda. Kuli bwanji phulalo likakhala lopyapyala, pansi pake posatsendereka bwino?

Mvula imangolowa pakhomo lotsegula kale, n'kufewetsa pansi, kenako dzenje. Ming'alu imatidwe ikadali yaing'ono, ngalande zipakulidwe dzinja lisanafike, masikelo agwire ntchito usana ndi usiku. Zoti anyamata azithira dothi m'maenje n'kumatipempha makobidi zija, ayi, tatopa nazo.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Balaka