Nsalu Yosasuluka Iyambira m'Kalasi

Mayi wogula chitenje pamsika safunsa za makina amene anaomba nsaluyo. Funso lake ndi limodzi: kodi chisuluka? Tsono yankho la funso limeneli lili m'manja mwa munthu wonyika nsalu mu utoto, ndipo munthuyo sangaidziwe bwino ntchito yake ngati sanaphunzire kemisitiri.

Mbiri ya ku Ulaya ionetsa zimenezi poyera. M'chaka cha 1856 mnyamata wa zaka 18, William Perkin, wophunzira pa Royal College of Chemistry ku London, anali kuyesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo. Kwininiyo anamkanika, koma m'zotsalira zakuda za m'botolo anapezamo utoto wofiirira umene unagwira nsalu ya silika. Umenewu ndiwo unatsegula njira ya utoto wopangidwa kuchokera ku phula la malasha, ndipo chaka chotsatira iye anamanga fakitale ku Greenford.

Munthu akadayesa kuti malondawo akhala a Angerezi mpaka kalekale, pakuti malasha anali nawo, mafakitale a nsalu a ku Lancashire analinso awo. Koma sizinatero ayi. Mphunzitsi wa Perkin, August Hofmann, anabwerera kwawo ku Germany m'chaka cha 1865, ndipo kumeneko masukulu aukachenjede anali kutulutsa akatswiri a kemisitiri ochuluka, amene makampani monga BASF, Bayer ndi Hoechst anali kuwalemba ntchito. M'chaka cha 1897 BASF inayamba kugulitsa utoto wa indigo wopangira m'fakitale, ndipo ulimi wa indigo ku India unalowa pansi m'zaka zowerengeka. Pofika nkhondo ya 1914, Angerezi anadzidzimuka poona kuti ngakhale utoto wa khaki wa asilikali awo unali kudalira adani awo omwewo.

Nkhaniyi ikhudza Malawi, dziko lolima thonje ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960 kuti thonjelo lisanduke nsalu konkuno, ndipo inagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003. Makina agulika ndi ndalama. Chosagulika msanga ndicho munthu wodziwa chifukwa chake utoto wina ugwira thonje koma ukana ulusi wa polyester.

Ndipo nzeru zake sizili patali monga ena aganizira. Utoto umene kampani ya ICI inatulutsa m'chaka cha 1956, wotchedwa Procion, umangirirana ndi ulusi wa thonje weniweniwo, osati kungomata pamwamba. Wonyika athira mchere wambiri m'madzi kuti utoto uchoke m'madzimo ndi kulowa m'nsalu. Pambuyo pake athira soda, ndipo sodayo ndiyo imanga mfundo pakati pa utoto ndi thonje. Akafulumira ndi soda, nsalu ituluka yamawangamawanga. Akachedwetsa utoto m'madzi a soda, utotowo ugwirana ndi madzi m'malo mwa nsalu, nupita kumtsinje tsiku loyamba kuchapa. Madzi otsala m'fakitale nawonso afuna wodziwa kuwayeretsa asanatayidwe, pakuti kumunsi kuli anthu otunga.

Zonsezi ndi nkhani za asidi, alikali ndi mchere zimene mwana wa sekondale aloweza pokonzekera mayeso a MSCE. Chovuta n'chakuti m'masukulu ambiri opanda labotale mwanayo aziona pabolodi pokha. Komatu chigamba cha nsalu yoyera, mchere, soda, utoto pang'ono ndi ndowa ziwiri n'zokwanira kuti mphunzitsi anyike chigamba china ndi soda, china wopanda, ndi kuwapatsa ana kuti achape zonse ziwiri.