Kapisozi wa kamera ndi kabotolo ka kuchipatala

Sabata yatha ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 za kagayidwe ka chakudya. Nditajambula matumbo aang'ono pa bolodi n'kunena kuti atawatambasula angafike mamita pafupifupi 6, mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene sakonda kuyankhula, anakweza mkono. "Aphunzitsi, nanga munthu akadwala m'katikati mwa matumbo onsewo, dokotala amaonamo bwanji?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa funsoli linasowetsa madokotala tulo kwa zaka zambiri.

Paipi ya kamera yolowetsa kukamwa, ngati imene amagwiritsa ntchito ku Queens ndi ku Kamuzu Central, imaona kummero, m'chifu ndi poyambira pa matumbo aang'ono, n'kuthera pomwepo. Ina yolowera kumunsi imayenda m'matumbo aakulu n'kungosuzumira kumapeto kwa aang'onowo. Pakatipa pamatsala mamita angapo opindikapindika amene paipi wamba sifikamo. Munthu amatha kumataya magazi pang'onopang'ono m'menemo, zikhatho n'kuyera, mtima n'kumathamanga akangokwera kachitunda, mapaipi onse awiri osapeza kanthu.

Nzeru yothetsera vutoli inachokera kwa Gavriel Iddan, injiniya wa ku Israel amene ankagwira ntchito kopanga zida za nkhondo, mothandizana ndi dokotala wa ku London, Paul Swain. Anaika kamera, timagetsi ndi batire m'kapisozi wotalika mamilimita 26, wonenepa mamilimita 11, tinene ngati mtedza wosaswa wa njere ziwiri. Ku America anavomereza kuti agwiritsidwe ntchito mu 2001. Wodwala amagona osadya, m'mawa n'kumeza kapisoziyo ndi madzi, atamanga m'chiuno lamba wokhala ndi kabokosi kolandira zithunzi. Kapisoziyo alibe womuyendetsa. Amangokankhidwa ndi matumbo monga imayendera nsima, uku akujambula zithunzi ziwiri kapena kuposa pa sekondi iliyonse kwa maola 8 kapena kupitirirapo. Zithunzi zoposa 50,000 zimenezi dokotala amaziona pa kompyuta ngati filimu: zilonda, zotupa, timitsempha tokha magazi. Kapisoziyo amatuluka ndi chimbudzi, ntchito yake yathera pomwepo.

Musati muganize kuti ndi wamatsenga. Sangadule kanyama kokayeza, sangaletse magazi kutuluka, ndipo pamene matumbo apanikizika, monga zimachitikira ndi TB ya m'matumbo, amatha kukakamira mpaka nthawi zina wodwala kuchitidwa opaleshoni. Mtengo wake nawo ndi wa anthu amene amakwera ndege kukaonana ndi madokotala ku Johannesburg kapena ku India.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ku India ndi ku China, madokotala omezetsa anthu kapisoziyu kuti apeze kumene magazi akuthera akhala akuona, mwa zina, njoka zam'mimba zotchedwa hookworm zitaluma khoma la matumbo aang'ono, zikuyamwa magazi. Njoka zimenezi kuno kwathu si alendo. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi cha munthu amene wadzithandizira patchire, timphutsi take timakonda mchenga wachinyontho ngati wa kuno ku Kuti mpaka ku Senga Bay, ndipo timaboola khungu la mapazi a munthu wopanda nsapato. Kuti apeze mazira amenewa safuna kamera ya ku Israel. Chimbudzi chochepa chabe pa kagalasi, woyeza n'kuyang'ana pa makina ake oonera tizilombo, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale pa chipatala cha boma cha Salima. Mankhwala ake ndi albendazole, omwe aja a zaumoyo amabwera nawo m'sukulu limodzi ndi a likodzo, tsiku limene makolo ena amauza ana kuti ajombe.

Belu litalira, mnyamata uja anatsalira. Anandiuza kuti mayi ake auzidwa kawiri konse kuti magazi achepa. Akamwa mapilisi oonjezera magazi amapezako bwino, pakapita miyezi abwereranso pomwepo, moti achibale ayamba kuloza chala agogo ena apamudzi kuti ndi amene akuwamwa magazi usiku.

Ndinamufunsa ngati mayiwo anayezetsapo chimbudzi. Anazyolika. Akuti kuchipatala anawapatsa kabotolo, koma anachita manyazi kukapereka kwa mwamuna wa msinkhu wa mwana wawo, ndiye anakataya pobwerera.

Ine si dokotala, ndipo ndinamuuza mosabisa kuti magazi amachepa pa zifukwa zambiri, malungo ndi kadyedwe zili momwemo, choncho mwina kabotoloko sikangathetse nkhani yonse. Koma ndinati akawapemphe abwerere akatenge kena. Lolemba wandipeza pakhomo la ofesi n'kundinong'oneza kuti mayi avomera kupita Lachinayi, bola kabotoloko akakapereke ndi mchemwali wawo.