Ndani adzatifikitsira mtokoma kuno ku nyanja?

Chaka chatha, mwera utangoyamba kuwomba ndipo mabwato ambiri ali pamtunda, mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Beira, pokumbukira kuti malume ake akalamba ndipo sangathenso kuchezera usiku wonse akukoka chilimira monga ankachitira kale, adandigulira ndodo yowedzera nsomba, ya kusitolo, yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, kuti ndizikhala pamiyala m'mamawa n'kumapeza ndiwo popanda kupempha kwa anyamata. Adaipereka kwa kampani ina yonyamula katundu, nalipira ndalama zimene adamuuza, nanditumizira chithunzi cha lisiti pafoni. Ndipo ine, monga mwa chikhalidwe cha nkhalamba, ndidayamba kudzitama pabwalo chinthucho chisadafike, kuiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Patapita masabata angapo a kampaniyo adandiimbira kuti mtokoma wanga uli ku Lichinga, ndipo kuti galimoto zawo zimathera pomwepo. Mnzanga wina adakautenga naupereka kwa woyendetsa chapa, minibasi ya kwathu kuno. Iyeyo adaumangirira padenga, pansi pa matumba a chimanga ndi makatoni a sopo, natsika nawo zitunda zonse za msewu wa ku Metangula, umene ndi wa makilomita opitirira 100. Ku Metangula udagona usiku umodzi m'golosale ya munthu wachifundo, ndipo m'mawa mwake udakwera boti lobwera kwathu. Pamene ndidamasula pamaso pa adzukulu, nsonga ya ndodo idali italendewera, yothyoka pafupi ndi mphete yachiwiri. A kampani adati idachoka m'manja mwawo yamphumphu. Wa chapa adati adalandira chokulungakulunga ndipo sadasuzumiremo. Wa boti adati iye amanyamula anthu, katundu amangokwera nawo. Onse atatu adati pepani, ndipo ndikhulupirira kuti adanena ndi mtima woona, komatu pepani sapoletsa chilonda.

Ndikudziwa kuti owerenga a m'mbali mwa nyanja aseka, nati: kodi bambo awa alibe nkhani, kuti adzaze nyuzipepala ndi maliro a ndodo? Ali ndi chifukwa chosekera. Kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cobué, palibe banja limene limadya chifukwa cha ndodo ya kusitolo. Chuma chathu ndi usipa ndi utaka, zimene zimagwidwa ndi chilimira pakuwala kwa nyali. Kampango ndi ncheni timaziwedza ndi chingwe cha m'manja tili m'bwato. Ndipo mwana akafuna ndodo amapita kudambo kukadula bango kapena nsungwi, osalipira aliyense. Koma ine ndaitenga ndodoyi ngati mboni, pakuti mwa akatundu onse amene munthu angatumize, ndi ochepa amene amaulula khalidwe la wonyamula monga mmene ichitira iyo: ndi yaitali, ndi yopyapyala, ndi yopepuka kotero kuti aliyense amaiponya pamwamba kapena kuitsendereza pansi, ndipo ikathyoka nsonga yokha, yatha ntchito yonse. Njira imene singafikitse ndodo yamphumphu ndi yomweyo imene timadutsiramo mandala a agogo, chitsulo cha injini ya boti, mankhwala a wodwala shuga, ndi setifiketi ya mwana amene adamaliza maphunziro ku Nampula.

Kuti ndisaweruze mokondera, ndivomere kuti mbali ina ya mlanduwu ndi yathu. Mnyamata wanga adaikulunga m'katoni ndi nsanza, pamene ndodo yotere iyenera kugawidwa m'zigawo zake, chigawo chilichonse n'kuchizenga nsalu, zonse n'kuzilowetsa mu paipi yolimba ya pulasitiki, yonga ya madzi ija, yotsekedwa mbali zonse ziwiri, kagudumu n'kukaika m'phukusi lakelake. Palinso za muyeso, zimene ambiri timazidziwira pawindo katundu atakanidwa kale. Bungwe la mapositi a dziko lonse, la Universal Postal Union, limene lidakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, lili ndi malire a kutalika kwa phukusi lodutsa malire a maiko: mita imodzi ndi theka, ndipo maiko ena amalola mita imodzi ndi masentimita 5 okha. Chotero ndodo ya mamita 2.4 yogawika pawiri, imene chigawo chake ndi mita imodzi ndi masentimita 20, ingalandiridwe m'dziko lina n'kukanidwa m'dziko loyandikana nalo. Wotumiza wanzeru amayamba wafunsa zimenezi asadagule. Koma ngakhale mnyamatayo akadachita zonse mwaluso, funso langa likadakhala lomwelo, pakuti paipi imateteza ndodo kuti isathyoke, koma siyankha mlandu phukusi likasowa.

Mu 2021 boma lidathetsa kampani yake ya mtengatenga wa makalata, Correios de Moçambique. Zifukwa zake sizidali zachinsinsi: kampaniyo inkangoluza, antchito ake ankadandaula za malipiro, ndipo anthu adali atasiya kulemberana makalata, popeza uthenga umene kale unkayenda mwezi wathunthu tsopano umafika usadathe kuulankhula, ndalama nazo zikuyenda pa M-Pesa ndi e-Mola. Si kwathu kokha kuno. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amatumizirako zinthu, positi ya boma idaikidwa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole mu 2023. Ndipo sindidzanama kuti positi yakale idali yangwiro, pakuti tonse amene tidakula tikudikira makalata tikukumbukira kuchedwa kwake. Komabe panali chinthu chimodzi chimene idali nacho, chimene makampani amene atsala alibe: idali ndi udindo wofika kulikonse kumene kuli nzika, kaya kuli phindu kaya kulibe.

Udindo umenewu ndiwo mtima wa positi kuyambira pachiyambi. Pamene Rowland Hill adakopa boma la Britain kuti liyambitse sitampu ya mtengo umodzi mu 1840, nzeru yake idali yakuti kalata ya munthu wa pafupi ndi ya munthu wa kutali zilipire mofanana, ndipo motero makalata ochuluka a m'mizinda amasenza mtolo wa makalata owerengeka a kumidzi. Kampani ya munthu siyenda motero, ndipo sindiitsutsa, pakuti wamalonda safesa pamene sadzakolola. Iye amawerenga kuti kuchokera ku Maputo kufika ku Lichinga ndi makilomita opitirira 2,000, naona kuti pamenepo pakwanira. Zakuti kuseri kwa mapiri kuli anthu ena m'mphepete mwa madzi, zimenezo amazisiyira boma. Tsono boma nalo litasiya, ife a m'boma la Lago tidatsala pakati, monga mwana wamasiye amene malume akuti ndi wa kwa bambo ake, a kwa bambo akuti ndi wa kwa malume.

Mbiri ya dera lathu ili ndi phunziro loseketsa pankhaniyi. Companhia do Niassa, kampani imene idapatsidwa dera lino ndi Apwitikizi kufikira 1929, idatchuka kunja chifukwa cha masitampu ake okongola, osindikizidwa ku London, amene mu 1901 adatuluka ndi zithunzi za nyamalikiti ndi ngamila. Ndipo ndifunse, ndi gogo uti wa ku Niassa amene adaonapo ngamila ikumwa madzi m'nyanja yathu? Masitampuwo adapangidwa kuti agulidwe ndi anthu osonkhanitsa masitampu ku Ulaya, ndipo kufikira lero akugulitsidwabe kumeneko, pamene makolo athu kampaniyo ankaidziwira msonkho ndi chibalo. Chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimene zinkafikitsadi makalata m'midzi ya m'gombe lino zidali sitima za mishoni ya Anglican ya ku Likoma: Charles Janson, imene idayamba kuyenda m'zaka za m'ma 1880, ndi Chauncy Maples, ya mu 1901, zimene zinkazungulira midzi ya kum'mawa kwa nyanja, Messumba ndi ina yotero, zitanyamula aphunzitsi, mabuku, mankhwala ndi makalata. Pambuyo pake idabwera Ilala, imene idalowa m'madzi mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri inkaima ku Cobué ndi ku Metangula. Makolo athu, opanda foni ndi opanda msewu wa phula, ankadziwa tsiku limene sitima ifika, ndipo munthu ankatha kunena kwa mkazi wake kuti katundu wa mwana wathu wa ku Joni abwera Lachinayi. Ife a masiku ano timaona chithunzi cha phukusi pafoni tsiku lomwe latumizidwa, koma tsiku lofika palibe angalitchule.

Ena adzati: nanga vuto lili pati, popeza mtokoma ukuyendabe? Indedi ukuyenda, ndipo ndiyenera kulemekeza anthu amene amauyendetsa. Woyendetsa chapa amene amasunga envulopu ya munthu wosamudziwa m'thumba la malaya, mayi wogula usipa amene pobwerera ku Lichinga amanyamula mankhwala a mwana wa mnzake, mphunzitsi amene popita kukalandira malipiro amabwera ndi mbedza ndi nayiloni za mudzi wonse: anthu amenewa ndiwo positi yathu yeniyeni, ndipo ambiri mwa iwo salandira kanthu koposa zikomo ndi mulu wa nsomba zouma. Koma dongosolo lotere limakomera munthu wa abale ambiri ndi wodziwika. Mkazi wamasiye amene alibe womudziwa ku siteji ya chapa, kapena mlendo amene wangotumizidwa kumene kudzagwira ntchito pachipatala, alibe polowera. Ndiponso, chimene chimandipweteka koposa, katundu akawonongeka sungathe kufunsa, pakuti amene adakunyamulira adachita mwa chifundo, ndipo kumufunsa malipiro ndiko kudula chibale chimene udzachifune mawa. Motero timameza mawu, timaseka naye pamaliro ndi paukwati, koma mumtima tikuwerenga mtengo wa chinthu chathu. Lisiti lidapangidwa kuti munthu athe kudandaula popanda kudana ndi mnansi wake.

Zimene ndikupempha si zazikulu, ndipo sindikunena kuti Correios iukitsidwe kwa akufa ndi nyumba zake zonse. Zonyamulira zilipo kale. Sitima yapamtunda idayambanso kufika ku Lichinga kuchokera ku Cuamba mu 2016, ndege zimatera, ndipo tsiku lililonse galimoto zimakwera zitunda zitasenza nsomba zathu, n'kubwerera kunyanja. Chimene chikusowa ndi munthu woyankha mlandu. Bungwe la INCM, limene limapereka ziphaso kwa makampani onyamula makalata ndi maphukusi, lingathe kunena kuti aliyense wofuna kudya phindu la Maputo, Beira ndi Nampula asenzeko gawo la mtolo wa maboma akutali, kaya pofika yekha kaya posonkha ndalama zolipira wofikako. Pangakhale wothandizira mmodzi wovomerezeka ku Metangula ndi wina ku Cobué, ngakhale atakhala mwini golosale wokhulupirika wokhala ndi kaundula ndi kabati ya loko. Pangakhale tsiku lodziwika pa sabata. Phukusi likamachoka m'dzanja lina kulowa m'dzanja lina, wolandira azisaina. Ndipo likathyoka kapena kusowa, pakhale mtengo wolembedwa umene mwini wake abwezeredwe. Woyendetsa chapa ndi mwini boti asachotsedwe, koma alowetsedwe m'pangano ndi kulipidwa, kuti ndodo ya munthu isamagonenso pansi pa chimanga.

Palinso chifukwa china chimene akuluakulu a za usodzi ayenera kuchimva. Kuyambira 2011, pamene mbali ya Mozambique ya nyanjayi idalengezedwa kukhala malo otetezedwa, takhala tikulangizidwa, ndipo molondola, kuti tileke kukokola tiana ta nsomba ndi masikito, tigwiritse ntchito zida zololedwa. Tavomera. Koma masikito amafika pakhomo penipeni pa munthu, aulere, atanyamulidwa ndi boma lomwelo, pamene ukonde wa maso oyenera, mbedza zabwino ndi chingwe cholimba ziyenera kuchokera kutali, kudzera m'njira imene ndafotokozayi. Wofuna kuti msodzi asinthe chida ayambe waona ngati chida chabwinocho chili ndi njira yofikira kwa iye.

Ndodo ija sindidaitaye. Ndidadula pothyokapo, ndidamangirira mphete ndi nayiloni n'kupaka guluu, ndipo tsopano ndi yaifupi ndi chikhatho chimodzi ndi theka. Imaponya pafupi, koma masiku a bata imandipatsa ndiwo. Mnyamata wa ku Beira, amene adamva chisoni kuposa ine, wakhala akufunsa ngati anditumizire ina pa Khirisimasi. Ndamuuza kuti aisunge kufikira tsiku limene adzabwere yekha.