Ndemanga: Khoti Liyambe Lafunsa za Chitetezo cha Mwana

Banja likatha pamatsala funso lakuti ana akhala ndi ndani. Ngati m'nyumbamo munali nkhanza, funsoli limakhudza moyo, chifukwa wankhanza amalusa kwambiri akaona kuti mnzake wachoka, ndipo ana ndi amene amatsala pakati.

Dziko la Australia linaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu Januwale 2009, bambo wina anaponya mwana wake wamkazi wa zaka 4 kuchokera pa mlatho wa West Gate mumzinda wa Melbourne, patangopita tsiku limodzi chigwirizanireni ndi mayi wa mwanayo zochepetsa nthawi yake yokhala ndi ana. Pa nthawiyo, lamulo la m'chaka cha 2006 linkauza makhoti kuyamba ndi ganizo lakuti bambo ndi mayi agawane mofanana udindo wolera ana. Ambiri ankalimva ngati likulamula kugawana masiku, ndipo amayi ena ankavomera kupereka ana kwa munthu amene ankamuopa.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Kuyambira mu Seputembala 2019, pa milandu ina ya nkhanza, woganiziridwa saloledwa kufunsa yekha mafunso mnzake m'khoti. Ntchitoyo imagwiridwa ndi loya. Mu Disembala 2020, makhoti a zamabanja anayamba ndondomeko yotchedwa Lighthouse ku Adelaide, kenako ku Brisbane ndi Parramatta, ndipo mu 2022 anaifalitsa kumadera ena. Kholo likangokasuma za ana, limapemphedwa kuyankha mwachinsinsi mafunso okhudza nkhanza, mowa, mankhwala osokoneza bongo ndi matenda a maganizo. Mayankhowo sakhala umboni pa mlandu, choncho munthu amalankhula momasuka. Alangizi amawaunika, nathandiza banjalo kukonza njira zodzitetezera. Milandu yoopsa kwambiri imaikidwa pa mndandanda wapadera wotchedwa Evatt List, dzina lochokera kwa Elizabeth Evatt, woweruza wamkulu woyamba wa khoti la zamabanja m'dzikolo. Pamenepo khoti limaitanitsa msanga zimene apolisi ndi oteteza ana akudziwa, kuti mlandu usagonere. Pa 6 Meyi 2024, ganizo lija la kugawana udindo mofanana linachotsedwa m'malamulo.

Phunziro lake ndi lakuti khoti lisadikire kuti wozunzidwa ayambe yekha kuulula. Amene wakhala akuopsezedwa kwa zaka zambiri sangatsegule pakamwa womuzunza atakhala pafupi naye. Ayenera kufunsidwa payekha, tsiku loyamba, ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera.

Kuno kwathu malamulo alipo: la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, lomwe limapatsa khoti mphamvu zoletsa wankhanza kuyandikira banja lake, ndi la 2010 loteteza ana. Kupolisi kuli maofesi a Victim Support Unit. Chofunika n'chakuti zimene mayi ananena kupolisi kapena kuchipatala zifike kwa majisitireti asanagamule za ana. Ankhoswe nawonso azindikire kuti mawu oti banja ndi kupirira sagwira ntchito pamene pali zibakera ndi chikwanje.

Bambo ali ndi ufulu womvedwa, mayi chimodzimodzi, ndipo umboni uyenera kuunikidwa mwachilungamo. Koma chigamulo chikalakwika, amene amalipira ndi mwana yemwe sanasume mlanduwo. Tikupempha oweruza, apolisi ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu kuti pa mlandu uliwonse wolimbirana ana, ayambe afunsa ngati mwanayo ali wotetezeka kumene akumutumiza.