Pamene mai asiya nchito kuti adwazike, alipira ndani?

Amene amadzuka m'mamawa muno mu Lusaka amawadziwa azimai amene tifuna kukambapo lero. Isanakwane 6 koloko amakhala ali kale pa mseu, kucokera ku Mtendere, Kalingalinga ndi Bauleni, kulinga kumayadi a Kabulonga ndi Woodlands. Kale tinali kungoti apita kukasesa ndi kucapa. Masiku ano ena mwa iwo apita kukasambika nkhalamba imene inagwidwa sitiroko, kuidyetsa phala ndi kuitembenuza pa bedi, kuti mwini nyumba akagwire nchito ku ofesi mtima uli m'malo. Nchito imeneyi ili ndi mtengo wake. Nanga banja limene lilibe ndalama zolembera munthu wotere limacita bwanji?

Yankho timaliona m'miphakati yathu ku Kabwata ndi ku Chelstone, kumene anthu ambiri sali olemera, koma sali ovutikitsitsa. Tidziwa mai wina amene anagwira nchito yolandira ndalama m'sitolo ina m'tauni kwa zaka 11. Apongozi ake atagwa ndi sitiroko, banja linakhala pansi kuwerengetsa. Kuyambira mu Januwale 2024 boma linaika K1,300 pamwezi monga malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba, ndipo munthu wodziwa kusamala wodwala wosadzuka savomera ndalama imeneyo. Onjezani matewela a akulu, mankhwala amene asowa ku kiliniki, ndi takisi yopita nayo ku cipatala, pakuti wofa ziwalo sungamukweze m'minibasi ziwiri. Kumbukiraninso kuti bungwe la JCTR linapeza kuti mu 2024 zofunika pa umoyo wa banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitirira K10,000 pamwezi. Atawerengetsa anaona kuti malipiro a mai uja adzathera mwa wodwazika. Acimwene a mwamuna wake anati, "Mulamu, ndinu mukhala nawo pafupi, tithandizeni." Mwezi wotsatira anasiya nchito.

Pa pepala banja linapulumutsa ndalama. Koma tiyeni tiwerenge zimene sizinalembedwe. Lamulo la NAPSA, imene inayamba kugwira nchito mu 2000, linaika miyezi 180 ya zopereka kuti munthu azilandira penshoni mwezi ndi mwezi. Zaka 11 ndi miyezi 132 cabe. Matenda a sitiroko sali monga malungo akuti sabata imodzi munthu wacira kapena wapita. Angakhale zaka zisanu kapena kuposa. Maliro akadzatha, mai uyu adzabwerera pa Cairo Road ndi kalata yofunsira nchito ali ndi zaka pafupifupi 50, kukapikisana ndi ana amene angomaliza kumene maphunziro. Ndiye kuti wodwazika wa lero ndiye nkhalamba yopanda penshoni ya mawa, ndipo nayenso adzafuna mwana wake wamkazi asiye nchito.

Tisanene kuti malamulo athu ali cete. Lamulo la nchito la Employment Code la 2019 limapatsa wanchito amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi masiku 7 pa caka, olipidwa, osamalira mkazi, mwamuna, mwana kapena wina womudalira akadwala, malinga abweretse kalata ya dokotala. Limaonjezanso masiku atatu a zosamala za banja. Ici ndi cinthu cabwino, ndipo ambiri sadziwa kuti ndi ufulu wao. Amapita kwa abwana ngati opempha cifundo. Koma masiku 7 anapimidwa pa mwana wodwala cifuwa, osati pa kholo la khansa. Ndiponso anthu ambiri a mu mzinda uno alibe abwana owapatsa livu. Mai wogulitsa salaula ku City Market kapena tomato ku Soweto akagona sabata ziwiri pambali pa bedi ku cipatala, mpamba wake umadyedwa, cilimba cimamudumpha, ndipo cotsatira ndi kaloba.

Cimodzimodzi NHIMA. Kuyambira mu 2019 wanchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba amaikapo 1 peresenti ina. Ndalama imeneyi imalipira kupima, mankhwala ndi bedi. Siilipira tsiku la munthu amene wakhala pa mpando kapena pa citenje pansi, amene amadyetsa, kusambika ndi kuthamangira nesi usiku. Aliyense amene analowapo m'mawodi a zipatala zathu zazikulu adziwa kuti popanda acibale amenewa manesi, amene ali ocepa kale, sangakwanitse.

Pano ifenso a Mpingo tiyenera kudziguguda pa cifuwa. Pamene edzi inadzaza zipatala, cipatala ca Salvation Army ku Chikankata cinayamba mu 1987 kusamalira odwala kunyumba zao, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maparishi athu a Katolika anatenga njira yomweyo. Amene anayenda khomo ndi khomo ndi beseni ndi sopo anali makamaka azimai, ndipo tinali kuwachula kuti odzipereka. Tinawayamika pa guwa, tinawapatsa citenje ndi ambulela, nthawi zina thumba la cakudya. Sitinafunsepo kuti kantemba kao akusunga ndani pamene iwo ali kucapa nsalu za odwala. Boma litayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2005 odwala ambiri anadzuka ndi kubwerera ku nchito. Amene anawadwazika sanabwerere kulikonse, ndipo ena mwa iwo lero ndiwo timawapelekera Ukalistia kunyumba, opanda ngakhale ngwee ya penshoni. Tinazolowera kuganiza kuti kudwazika ndi cikondi cabe, motero ndi kwaulere. Ndi cikondi ndithu, koma unga sugulidwa ndi cikondi.

Si ku Zambia kokha. Bungwe la anchito pa dziko lonse la ILO linalengeza mu 2024 kuti azimai 708 miliyoni sali pa nchito yolipidwa cifukwa cosamalira ana, okalamba ndi odwala, pamene amuna ali 40 miliyoni. Ife tinalawako pang'ono kumayambiriro a 2024, pamene kolera inacititsa kuti masukulu asatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale. Funsani kuti ndani anajomba ku nchito masabata amenewo.

Cimene citidetsa nkhawa kwambiri ndi kumene mtolo umenewu umathera. Mai wa ku Kabulonga amalemba mai wa ku Mtendere. Mai wa ku Mtendere nayenso ali ndi ana ndi kholo lodwala, ndiye amatumiza uthenga kumudzi, ku Katete kapena ku Petauke, kuti amutumizire kamtsikana "kadzaphunzire ku tauni". Boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, koma kamtsikana kameneka sikali m'kalasi. Kali kutunga madzi ndi mwana kumbuyo. Aliyense pa mzere umenewu wakankhira mtolo kwa womucepera, ndipo womalizira alibe womukankhira.

Ife tiganiza kuti zaka zodwazika ziyenera kuwerengedwa pa penshoni. Ngati dokotala angalembe kalata yopezera masiku 7, angalembenso kalata yoonetsa kuti uje asamala wodwala wosadzuka, ndipo boma limuikire kanthu ku NAPSA miyezi imeneyo. Aphungu athu angakambe zimenezi. Koma pali zina zosafuna Nyumba ya Malamulo. Maholo a maparishi athu ku Kabwata ndi ku Chelstone ambiri amakhala otseka pakati pa sabata. Nkhalamba zimene zingathe kukhala pa mpando zikanasonkhanitsidwa mmenemo usana, ndi osamala awiri kapena atatu ophunzitsidwa ndi olipidwa bwino kucokera ku zopereka za mabanja, azimai khumi akanasunga nchito zao.

Ndipo inu azibambo, pa msonkhano wa banja wosankha wosamala amai anu, musamangoyang'ana kwa mulamu wanu kapena mlongo wanu. Lamulo la masiku 7 silinalembe kuti ndi la akazi okha. Ngati banja lagwirizana kuti wina asiye nchito, lilembe pa pepala tsiku lomwelo kuti aliyense azipereka zingati pamwezi kwa wodwazikayo, kupatula za mankhwala, ndiponso ndani azimupumuza Loweruka ndi Sondo.