Woluka Mkeka Si Wopemphetsa

M'misika ya m'boma la Mwanza mwazika mizu khalidwe lochititsa manyazi. Munthu wophunzira amalipira mkeka wapulasitiki wochokera kunja mosawiringula, koma akafika pa mayi amene watha masiku akuluka mkeka wamlaza amanenerera mtengo ngati akugula nsanza.

Luso losalemekezedwa silichedwa kufa. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire, kummwera kwa Mwanza, akupota thonje lolima okha ndi kuwomba nsalu. Nkhondo zogwira akapolo zinasokoneza ntchitoyo, kenaka nsalu yotsika mtengo ya m'mafakitale akunja inadzaimaliza. Ndani lero angaloze chowombera cha agogo ake?

Anthu a mtundu wa Navajo ku America nawonso anaona zakuda. Mu 1864 asilikali a boma, atawaphera nkhosa zambiri, anawasamutsa mokakamiza kupita ku Bosque Redondo. Atabwerera kwawo mu 1868, amayi anapitiriza kuwomba ubweya. Kawombedwe kawo kanadzatchuka ndi mayina a madera: ka ku Ganado n'kofiira, pomwe ka ku Two Grey Hills kamadalira maonekedwe achibadwa a ubweyawo. Mu 2012 bulangete lawo lina lakale linagulidwa pa okushoni ku California pamtengo wa madola 1.5 miliyoni.

Ena amati mkeka ndi wokhalira pansi basi. Kodi bulangete lijalo silinali lofunda? Komatu wogula nsalu ya Navajo amafunsa dzina la mwini luso ndi dera lake, pamene wogula mkeka ku Mwanza amangofunsa kuti amuchotserapo zingati.